Sajeni wa Pachithunzi ndi Mwendo wa Simiyoni

Ana inu, izi ndikulemba m'Chichewa chifukwa Chitonga chanu chimayambira pa yewo n'kuthera pa yewo pomwepo. Sindikukunenani. Olakwa ndi makolo anu amene anakulererani ku Lilongwe, kumene nsomba imafika itatopa ndi ulendo.

Mukudziwa kuti agogo anu ine ndinapita ku koleji. Zoti ndinatulukako ndisanamalize mumazimva kwa anthu ansanje. Choona n'chakuti ndinaona kuti ndikapitiriza, anzanga obwera m'mbuyo adzapeza nzeru zitatha, ndiye ndinawasiyirako. Ndinabwerera kuno ku Nkhata Bay n'kutsegula kashopu kokonza mawailesi pafupi ndi msika. Kuyambira pamenepo, m'banja mwathu ndine wophunzira kwambiri mwa anthu amene ali ndi nthawi. Nkhani iliyonse yofuna munthu wovala jekete imagwera ine.

M'nyumba ya atate athu, pamwamba pa kabati, pankakhala chithunzi cha atate awo, a Wilisoni, amene aliyense ankangowatchula kuti Sajeni. Anamwalira ife tisanabadwe, choncho tinkawadziwira pachithunzi pomwepo. Ataima chilili, kabudula woyera, malaya oyera, masokosi ofika m'mawondo, lamba wodutsa pachifuwa, kandodo kukhwapa, ndipo m'chiuno mukulendewera chinthu chimene atate ankati ndi botolo la madzi la asilikali. Masiku amenewo munthu ankajambulitsa kamodzi pa moyo wake wonse, ndiye ankaima ngati akudziwa zimenezo. Osati inu, amene mumajambula ndi chakudya chomwe musanachipempherere.

Kabudula ameneyo ndiye ankatisowetsa mtendere. Mzere wake unali wakuthwa moti ukanasenda chinangwa. Amayi akamatiphunzitsa kusita ndi nsimbi ya makala, ija unkaipukusa panja kuti moto uyake ndipo ikakwiya inkalavulira phulusa pa malaya a Sabata, ankatilozera chithunzicho. "Taonani agogo anu. Kunkhondo, koma kabudula ali chonchi. Inu muli ndi chifukwa chanji?" Tinakula tikudziwa kuti ndife adzukulu a msilikali amene anamenya nkhondo ya Jeremani, ija yoyamba. Kusukulu mnyamata akandiopseza, ndinkamukumbutsa za magazi amene ali mwa ine, kenako n'kuthawa.

Koma amene anainyamula nkhaniyi pamutu ndi mlongo wanga wamkulu, Anyalongwe, agogo anu a ku Mwaya aja amakupatsani kondowole wambiri kuposa mimba zanu. Iwo anakwatiwa, anafedwa, analera ana okha ndi geni ya usipa, ndipo nthawi yonseyo zinthu zikathina ankangoti, "Ine ndine mdzukulu wa Sajeni," n'kumanga chitenje. Kumpingo, kumsika, pamaliro, aliyense anawamvapo mawu amenewa.

Chaka chathachi anadwala kwambiri mvula itangotha. Atadzuka anandiitanitsa.

"Jemusi, ine ndatsala pang'ono. Ndisanapite ndikufuna chiliza pamanda a Sajeni. Mmisiri wa ku Mzuzu mwala wausema kale, akungodikira mawu oti alembepo. Abusa ndawauza, abale ndawauza, akuluakulu amene anapuma usilikali ndawaitananso. Iwowo andifunsa kuti Sajeni anali m'gulu liti la asilikali, anamenyera kuti. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Iwe unapita ku koleji, kafufuze."

"Ndinapitako theka, Anyalongwe."

"Theka lomwelo likwana. Sindikukutuma kukapanga ndege."

Anafuna kuti zonse zithe mvula isanabwerenso, chifukwa, monga ananenera okha, sankadziwa ngati dzinja lina liwapeza. Ndiye mukuona, ana inu, kuti nkhaniyi sinali yamasewera. Mayi wokalamba anali ataitana tauni yonse kudzaona mawu pamwala, ndipo mawuwo anali oti ndiwapeze ine.

Koma ndisaname, ndinasangalala. Ndinadzipatsa udindo wa Wofufuza Wamkulu wa Banja, popanda wopikisana naye. Ndinatseka shopu, ndinapukuta nsapato, ndinakulunga chithunzi m'thaulo, ulendo wa ku Zomba, kumene anthu ankati zonse za asilikali akale zimasungidwa.

Ulendo umenewu kale unali ulendo. Unkakwera sitima ya pamadzi pano padoko, ndi mphasa yako, ndi nkhuku za anthu ena, ndi thumba la chinangwa chophika, n'kugona masiku panyanja usanaone njanji. Ukafika kummwera unali utapeza kale mnzako wa moyo wonse ndi mdani mmodzi. Lero minibasi imakutenga m'mawa, n'kukutula tsiku lomwelo mawondo ali kukhosi, osadziwa ngakhale dzina la amene wakupondera phazi njira yonse.

Ku Zomba kuli chipilala chachitali cha asilikali, chokhala ndi mayina. Ndinavala magalasi n'kuyamba kuwerenga ndi chala, ngati ndikufuna dzina langa pa zotsatira za mayeso. Wilisoni wathu panalibe. Nditafika kumapeto ndi pamene ndinakumbuka kuti mayinawo ndi a anthu amene anafera kunkhondo, pamene Sajeni wathu anafera pamphasa yake ndi chibayo. Ndinawakhululukira omanga chipilala. Kunyumba yosungira mapepala akale anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anandithandiza kufunafuna, koma sitinapeze kanthu. Bambo wina kumeneko anandilimbitsa mtima kuti anyamata ambiri ankalembetsa usilikali ndi mayina ena. Ndinabwerera ndi mawu amenewo ndi thumba la mbatata ya kachewere.

Kenako ndinayamba kuyendera abale a kwa atate, mmodzimmodzi, kutsata chiwongo chathu cha Longwe. Chiwongo, inu a ku Lilongwe, ndi dzina la mtundu limene munthu amatengera kwa atate ake. Ndinakwera mitunda ya kuno imene mukabwera mumailirira ija, ndinamwa tiyi m'nyumba zambiri. Wina anati Sajeni anamenyera ku Karonga. Wina anati ayi, ku Tanganyika. Msuweni wina anati ku Bama, ndipo nditamuuza kuti imeneyo ndi nkhondo ina, anati munthu ngati Sajeni sakanalephera kupita ku zonse ziwiri. Nyumba iliyonse inkawonjezera mendulo imodzi. Pofika kumapeto, Sajeni anali atagonjetsa Jeremani yekha, Angelezi akungomugwirira chipewa. Koma woti anene kuti ndinamva kwa mwiniwake, kapena ndinaona chakutichakuti, panalibe.

Tsiku lina masana ndili m'shopu, chithunzi chili pa tebulo pakati pa mawailesi akufa, analowa a Wedisoni. Amenewa tinalowa nawo koleji limodzi, koma iwo analibe chifundo ngati changa, anamaliza. Anaphunzitsa mpaka kukhala ahedi, ndipo atapuma anakhala Kingi wa malipenga.

Apa ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu malipenga munangowaona pa foni. Ndi gule wa amuna wa kuno kwathu, wa m'chilimwe. Amavala zoyera, amafola mizere ngati asilikali, amaguba ndi ng'oma mwaulemu ngati akuopa kudetsa masokosi. Gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo lili ndi maudindo ake: Kingi, Kapitao, Dokotala, ndi ena otero. Malipengawo ndi zikho zouma zazitali, zoboola, zomata pakabowo ndi kachikopa koyera ka kangaude, kaja amaikiramo mazira pakhoma. Lero amamatapo pepala la pulasitiki, akangaude anachotsedwa ntchito. Munthu sauzira mpweya chabe ayi, amaimbira nyimbo m'chikhomo, ndipo kunja kumangomveka kulira kwa njuchi zikuluzikulu. Ife a m'nyumba ya mkulu wa mpingo sitinkaloledwa kuyandikira. Atate ankati kumene kuli ng'oma, mowa suli kutali. Tinkangomvera patali, zenera lili lotseka theka.

A Wedisoni anabweretsa wailesi yoti ndikonze, koma maso awo anagwera pa chithunzi.

"Ada Longwe, Sajeni wathu akutani pano?"

"Wanu ndi ndani? Amenewa ndi agogo anga."

"Ndikudziwa. Ndiye Sajeni woyamba wa boma lathu."

Ndinawafotokozera modekha, monga munthu wochokera ku Zomba, kuti akuona msilikali wa nkhondo ya Jeremani. Iwo anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Jemusi, msilikali wake uti amapita kunkhondo atavala zoyera ngati akukabatizidwa? Jeremani akanamuona ali ku Usisya. Nanga ichi chili m'chiunochi ukuti n'chiyani?"

"Botolo la madzi."

"Botolo lokhala ndi khosi lopindika? Ili ndi lipenga, mbale wanga. Ukanamaliza chaka chachiwiri chija ukanaliona."

Ndinayang'anitsitsa. Linali lipenga. Zaka zonsezi lakhala lili lipenga, pamwamba pa kabati ya mkulu wa mpingo. Ndinafuna kukhala pansi, koma ndinapeza kuti ndakhala kale.

"Ndiye kunkhondo sanapiteko?"

"Anafika ku Chintheche. Anakapambana mpikisano kumeneko."

Ine sindinaseke. Ndinkaona nkhope ya Anyalongwe, ndi abusa, ndi akuluakulu opuma usilikali atavala mamendulo enieni, ndi mwala uja ukudikira ku Mzuzu. A Wedisoni anaona kuti zandilowa, anasiya nthabwala.

"Koma bwanji mukungokumba kuchimuna? Amayi ako sanali mwana wa Simiyoni?"

Anali mwana wa Simiyoni, inde. Agogo athu a kuchikazi amenewa ine ndimangowakumbuka ngati mthunzi pakhonde, chifukwa anamwalira ndili wamng'ono. Anali munthu wosayankhula, wotsimphina, wokhalira kusoka ukonde. Analibe chithunzi, analibe udindo kumpingo, ndipo pa nkhani za banja sankatchulidwa. Za mwendo wawo tinkangomva kuti anavulala kuwalo. Kuno kwathu mawu akuti kuwalo amatanthauza kunja kumene amuna ankapita kukagwira ntchito, ku Joni, ku Halale, kumigodi. Mudzi uliwonse unali ndi munthu wake wobwerako wopanda chala kapena wokoka mwendo. Ndiye ukamva kuti anavulala kuwalo, sunkafunsanso. Unkadziwa kuti ndi mgodi.

"Simiyoni watani?" ndinafunsa.

"Zimenezo sizinenedwa, zimaimbidwa. Loweruka masana tili ndi zokonzekera kubwalo kumtunda kwa Chikale. Ubwere ndi Anyalongwe."

Kupita ku Mwaya tsiku limenelo ndinayenda ngati mbuzi yopita kumsika. Ndinawapeza Anyalongwe akuyanika chinangwa chonyika pathandala. Ndinayamba ndi mbiri ya ulendo wa ku Zomba, ndinadutsa pa mtengo wa mbatata, mpaka anandidula.

"Jemusi, ukazungulira chonchi ndiye kuti wathyola kanthu. Nena."

Ndinanena. Ndinawaonetsa khosi la lipenga pachithunzi. Anachiyandikitsa kumaso n'kuchiyang'anitsitsa. Kenako anachitembenuza n'kuchiika pamphasa chafufumimba.

"Ndiye moyo wanga wonse ndakhala ndikuopseza anthu ndi wovina."

"Wovina wopambana, Anyalongwe."

"Usandiseke lero." Mawu awo anali aang'ono, sindinawamvepo choncho. "Umuuze mmisiri asiye. Abusa ndikawauza ndekha. Kumpingo ndiyamba ndapumako."

Ndinawauza za mawu a Wedisoni, kuti pali nkhani ya Simiyoni. Anati iwo kubwalo la malipenga sanapondeko chibadwire ndipo sayamba ali ndi imvi. Koma Loweruka m'mawa ananditumizira uthenga kuti ndipeze galimoto. Anati akufuna akamuone Wedisoni m'maso, amufunse kuti n'chifukwa chiyani anakhala chete zaka zonsezi iwo akudzichititsa manyazi. Mkwiyo ndi umene unawakweza mtunda umene ulemu unalephera.

Tinafika dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili kobo. Amuna anali pamizere, ena akuluakulu, ena anyamata, masokosi ali mbee. A Wedisoni anatulutsa mpando, anagwada pang'ono.

"Ama, mwatilemekeza."

"Sindinabwere kudzakulemekezani, aphunzitsi. Imbani zimene mwandiitanirazo."

Ng'oma inayamba, malipenga analira. Nyimbo yake ndinaizindikira nthawi yomweyo. Ndi ija imamveka chilimwe chilichonse kuchokera kumtunda, imene ndakhala ndikuiimba ndi mluzu pokonza mawailesi osadziwa kuti ili ndi mawu. Mizere inasuntha, ndipo pa kugunda kwachitatu kulikonse amuna onse ankakoka mwendo wamanzere pansi, fumbi n'kudzuka, kenako n'kuwongoka. Ndinali nditaonapo sitepe imeneyi patali. Ndinkayesa ndi kunyada chabe.

A Wedisoni anakweza ndodo. "Tsitsani malipenga. Muimbe ndi pakamwa."

Anyamata anayang'anana, chifukwa zimenezo sizichitika. Koma Kingi ndi Kingi. Zikho zinatsika, ndipo nyimbo imene tinaimva moyo wathu wonse ngati kulira kwa njuchi inatuluka ndi mawu ake, m'Chitonga. M'Chichewa chanu ndingaiike chonchi:

Simiyoni wabwera, wabwera,
Jeremani wamusungitsa chipolopolo m'mwendo.
Usafulumire Simiyoni, tikudikira,
Tiphunzitse kuguba.

Ana inu, tsitsi limene ndilibe linaima. Dzina la agogo athu lakhala likudutsa pa zenera lathu chaka ndi chaka, lili m'chikho, ife titatseka theka kuopa mowa.

A Wedisoni anafotokoza zimene anamva kwa atate awo, amene anavina m'boma limeneli ali mnyamata. Simiyoni ndiye anapita kunkhondo, n'kubwerako ndi mwendo wowomberedwa. Za kumeneko sankafuna kukamba, koma anyamata a m'mudzi anamuumiriza kuti awaonetse mmene asilikali amagubira. Iye ankaima kutsogolo, kuwayang'ana, n'kumaguba, iwo n'kumatsanzira. Ndipo anatsanzira zonse, ndi kutsimphina komwe, poganiza kuti asilikali a mfumu amayenda choncho. Simiyoni akuti anaseka mpaka kugwa pansi, ndipo anawaleka. Udindo anaukana. Anati usajeni apatsidwe mnzake Wilisoni, amene ankadziwa kusita. Pambuyo pake mwana wamwamuna wa Wilisoni anakwatira mwana wamkazi wa Simiyoni, ndipo zotsatira zake ndi ine, Anyalongwe, ndi inu nonse odya tchipisi.

"Nanga osatiuza bwanji?" ndinafunsa.

"Timayesa mukudziwa. Ndani sadziwa agogo ake?"

Ndinatembenuka kuti ndione Anyalongwe. Anali ataimirira, atatsamira ndodo yawo, akuyang'ana miyendo ya ovina.

"Bwerezani pokoka mwendo paja."

Anabwereza.

"Mwalakwitsa."

Ng'oma inaima. A Wedisoni anakhosomola. "Ama, sitepe imeneyi takhala tikuvina chonchi kuyambira kwa makolo athu."

"Ndiye mwakhala mukulakwitsa kuyambira kwa makolo anu. Unali mwendo wamanja. Ine ndinkayenda kumbali imeneyo popita nawo kunyanja, ankatsamira paphewa langa ili. Inu munkawayang'ana kumaso, ndiye munatengera mbali yolakwika ngati pagalasi. Ndipo sankaukoka ngati thumba la makala chonchi. Ankauponya kunja pang'ono, kenako n'kuubweza. Taimbani ng'omayo."

Woimba ng'oma anayang'ana Kingi, Kingi anayang'ana kumwamba, ng'oma inalira. Ndipo mlongo wanga, mwana wa mkulu wa mpingo, mayi amene sanapondepo pabwalo la malipenga, analowa kutsogolo kwa mizere ndi ndodo yake, anawafulatira kuti asalakwitsenso, n'kuyamba kuyenda. Kuponya kunja, kubweza. Kuponya kunja, kubweza. Amuna onse aja anamutsatira pambuyo, ena akugundana, ena akusokoneza miyendo, anyamata akuseka, koma akuluakulu sankaseka. Atafika kumapeto kwa bwalo anaima, anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti ndi fumbi. Ine monga Wofufuza Wamkulu ndikutsimikiza kuti fumbi linalipodi, chifukwa linandilowa inenso.

M'galimoto pobwerera, titadutsa msika, Anyalongwe ananditembenukira.

"Jemusi, umuimbire mmisiri. Alembe kuti Simiyoni, msilikali, anavulala pa nkhondo ya Jeremani. Za gulu lake akuluakulu aja akafunsa, akafunse Wedisoni awaimbire."

"Nanga Sajeni?"

"Sajeni ali ndi chithunzi. Ukachibwezere pakabati, uchipukute. Munthu wosita chonchija sitingamutaye." Kenako anawonjezera kuti, "Koma mawa m'mawa ubwerenso ndi galimotoyi. Manda a Ada Simiyoni alibe chizindikiro. Amene tinalipo powaika ndatsala ndekha."

Apa ndi pamene ndinachita mantha enieni, ana inu. Akanapita ndi matenda aja mvula itangotha, bwenzi tili ndi mwala wokongola pamanda a katswiri wa gule, ndipo msilikali wathu atasowa m'thengo mpaka kalekale.

M'mawa mwake tinapita kumudzi kwa amayi, kumtunda, kumene msewu umathera m'munda wa chinangwa. Titapempha chilolezo kwa eni mudzi, tinalowa kumanda akale ndi amuna awiri onyamula zikwanje. Udzu unali wofika m'chiuno. Anyalongwe anakana kugwiridwa dzanja. Anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana mitengo, akung'ung'udza okha kuti apa panali njira, apa tinaima ife ana, apa amayi anagwa ndi kulira. Kawiri konse anabwerera m'mbuyo, ndipo mtima wanga unabwerera nawo. Kenako anafika pa chitsa cha mtengo wa mango, anatembenukira kunyanja, anasuntha pang'ono, n'kugogoda pansi ndi ndodo pamene nthaka inali yoterera mkati.

"Ndi pano. Lambulani."

Zikwanje zitayamba, iwo anagwada movutikira, anaika dzanja padothi.

"Ada, ndine Nyalongwe, wa paphewa uja. Pepani tachedwa. Tinayamba tazungulira ku Zomba."